Madisiki Amene Ndinaanika pa Lata

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata mu ofesi ina yaing'ono ya zaulimi pa boma pa Petauke. Zinali m'zaka zomaliza za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza pamzere, ndipo chilichonse cha mu ofesi, ngakhale tsache, chinkatchedwa katundu wa boma. Ndinali mtsikana wa mwana mmodzi, mwamuna ndinalibe. Makolo anga anachoka ku Katete kukalima thonje kwa Kalindawalo, ndipo mayi anga ankauza aliyense wodutsa pakhomo kuti mwana wawo wamkazi amagwira ntchito yokhala pampando. Chimene sankadziwa n'chakuti ndinali ndisanakhazikike. Ndinali pa miyezi yoyesedwa, ndipo kalata imodzi ya abwana inali yokwanira kundibwezera ku khasu.

Kompyuta inabwera ndi mzungu wina wofufuza za mbewu ya mtedza. Anandiphunzitsa milungu iwiri, ndipo mlungu umodzi mwa iwiriyo anaugona ndi malungo. Kenako anakwera galimoto, osabweranso. Anatisiyira bokosi lotuwa, sikirini yolemba zobiriwira ndi kabuku kachingerezi kamene masamba ake ankayamba kufotokoza zinthu chapakati, ngati kuti owerenga onse anabadwira m'fakitale.

Makina a masiku amenewo sankadzuka okha. Kutsogolo kwa bokosi kunali mipata iwiri. Pa mpata wapamwamba unkalowetsa disiki yodzutsira, n'kutseka kachitseko, n'kuyatsa. Makina akawerenga disikiyo ndiye ankadziwa kuti iwo ndani ndipo ntchito yawo n'chiyani. Popanda iyo linali bokosi longopuma mphepo. Madisiki ake anali akuda, aakulu ngati chikhatho chotambasula, ofewa. Kunja chinali chikuto cha pulasitiki, m'kati muli kambale kopyapyala kozungulira kamene unkakaona pa kazenera. Mzungu uja anatisiyira odzutsira awiri, ina yogwiritsa ntchito, ina yosungira. Onse awiri ankakhala m'dirowa ya tebulo langa. Ena onse, okhala ndi zotsatira za minda ndi opanda kanthu omwe, ankakhala m'kabati yachitsulo mwa abwana.

Kuseri kwa ofesi kunali kashedi ka jenereta, chifukwa magetsi a pa boma ankabwera ndi kupita osatsazika. Woyang'anira jeneretayo anali bambo wina wachinsenga wa ku Luembe, wamtali, wa imvi, wotsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Tonse tinkawatcha amakanika. Anayamba ntchito pa msewu waukulu dziko lisanalandire ufulu, akukonza magiredala, makina osalaza msewu, m'mapiri a ku Nyimba. Analinso mkulu wa mpingo, wa mtundu uja woti akapeza cholembera pansi amazungulira nacho ofesi yonse kufunsa mwini wake. Ine ndili ndi kamwa lofulumira, ndipo kuchedwa kwawo kunkandiwawa. Ukawafunsa ngati magetsi abwera, ankayamba ayang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako iweyo. Tsiku lina ndinawauza kuti pofika poyankha ndidzakhala nditakwatiwa. Anangoti, "Ndiye mukaniitane ku ukwati, amai."

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa Loweruka ndi Lamlungu osapuma, ndipo denga linadontha pamwamba penipeni pa tebulo langa. Lolemba nditatsegula dirowa ndinapeza mapepala atamatana, mapepala a kaboni atanyowa, fungo la nkhungu lili guu. Madisiki awiri aja anali ndi chinyezi m'mbali. Abwana anali ku Chipata ku msonkhano. Kunja dzuwa linali litatuluka lamphamvu, lija lobwera mvula itangosiya.

Ndinachita chimene mkazi aliyense wa kwathu akanachita. Chinyezi mankhwala ake ndi dzuwa. Mtedza timaanika, mabulangete timaanika, ngakhale mafayilo mu ofesi imeneyo tinkaanika chaka chilichonse. Ndinatenga lata lakale limene linatsamira khoma, ndinaliyala pabwalo, n'kuyalapo mapepala anga. Madisiki ndinawaika pakati penipeni, poti ndiwo anali ofunika kuposa zonse, n'kuwatsendereza ndi timiyala. Anakhala pamenepo kuyambira chakum'mawa mpaka nditabwera kokadya masana. Powatola ankawotcha zala. Ndinakondwa kuti auma bwino.

Lachiwiri makina anakana kudzuka. Ndinayatsa, analira kamodzi, kanyale kofiira kanayaka, kenako mawu achingerezi akuti disiki imeneyi si yodzutsira kapena yawonongeka. Ndinaika yosungira ija, mawu omwewo. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapukuta bokosi lonse ndi nsalu, ndinapemphera. Kunena zoona, kamtima kena kanandinong'oneza za lata lija, koma ndinakakhazika chete. Ndinadziuza kuti dzuwa silinawonongepo chinthu chonyowa.

Abwana anabwera Lachitatu atavala safari suti yawo yotuwa. Sanali munthu woipa, koma anali wamantha, ndipo munthu wamantha akakhala ndi mpando amaluma. Lolemba lotsatira kunkabwera akuluakulu a ku chigawo kudzaona makina amenewa, ndipo iwo anali atadzitama kale ku msonkhano kuti ofesi yawo yalowa m'chitukuko. Anaima kumbuyo kwanga ndikuyatsa katatu. Kachitatu anavula magalasi.

"Ndani wina amagwila makina aya kupatula imwe?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye mwaononga katundu wa boma. Mudziwa kuti masiku ano ili ni dzina lake?"

Ndinkalidziwa dzinalo. Munthu ankatchedwa mdani wa chitukuko pa zinthu zochepa kuposa pamenepa. Anandiuza kuti nditenge pepala. Poti wotayipa mu ofesi yonse ndinali ndekha, kalata yopempha kuti andichotse ntchito ndinaitayipa ndine, pa taipilaita yakale ija, ndi makaboni atatu. Iwo ankayenda uku ndi uku akutchula mawu, ine ndikumenya zilembo. Sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinkafuna kuwaonetsa. Anasayina, anaipinda, anati ipita ndi thumba la makalata Lachisanu masana.

Lachinayi m'mawa abwana anapita ku msonkhano wa chipani. Ine ndinakhala pa tebulo manja ali lende. Ndinkaganiza za mayi anga, mmene ndidzatsikire njinga pakhomo ndi sutukesi ndi mwana kumbuyo, anthu a m'mudzi akuyang'ana. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali nditakwiyira aliyense: mzungu, denga, abwana, bokosi lomwe.

Amakanika anagogoda pa chitseko chotsegula kale. Anavula chipewa, anapukuta nsapato nthawi yaitali.

"Namvela kuti mwana wanu wa mu bokosi wadwala, amai. Ninganvele nawo?"

"Atate, iyi si giledala," ndinatero, mopanda ulemu. "Mulibe dizilo umu."

"Niziwa. Newo chizungu niwelenga lini. Koma makutu nili nawo. Yatsani chabe."

Anakoka mpando, anakhala pambali pa bokosi, anatsamiritsa khutu pafupi ndi mipata ija, n'kutseka maso. Ndinayatsa. Atatha mawu achingerezi aja kutuluka, anati ndizimitse, tidikire, ndiyatsenso. Tinachita zimenezo kasanu. Kachitatu ndinali nditayamba kale kugwedeza mwendo. Kachisanu anatsegula maso n'kuyamba kuwerenga ndi zala.

"Choyamba, mphepo iyamba kupita. Ndiye magetsi yafika. Chachiwili, pa galasi payenda manambala. Yachita chani manambala aya?"

Ndinati mzungu ananena kuti makina amakhala akudziyeza okha.

"Ndiye mutu uli bwino. Chachitatu, yalila kamodzi. Masiku onse imalila kamodzi?"

"Ee."

"Chachinayi, nyale yayaka, yafuna chinthu apa pa chitseko. Apa ndiye pamene yaimila. Amai, makina aya siyanafe. Munthu wakufa sapempha chinthu."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Kwa masiku atatu tonse tinkangoti kompyuta yafa, kompyuta yafa, ndipo panalibe amene anafunsa kuti yafera pati. Amakanika anandifunsa ntchito ya disiki ija, ndipo nditafotokoza mmene ndinkadziwira, nkhope yawo inawala ngati akumana ndi mnzawo wakale.

Anandiuza za magiredala akale. Injini yake yaikulu ya dizilo munthu sangaidzutse ndi dzanja, ndi yolemera kwambiri. Choncho pambali pake pamakhala kainjini kakang'ono ka petulo. Umayamba wadzutsa kameneko ndi chingwe, iko n'kuzungulitsa yaikuluyo mpaka itenthe, igwire moto wake. Ikagwira, kakang'onoko umakazimitsa, ntchito yake yatha. Anati m'mapiri muja anaona madalaivala ambiri akutukwana injini yaikulu, ena mpaka kuimasula, pamene vuto linali kadothi mu paipi ya kainjini kakang'ono.

"Disiki yanu iyi ndiye kainjini kang'ono," anatero. "Tisagwile chachikulu. Muli na ina yamene ilibe nchito?"

Kiyi wa kabati ankakhala pansi pa thireyi ya abwana, ndipo aliyense ankadziwa. Ndinatenga disiki imodzi yatsopano yopanda kanthu. Anati ndiike pa mpata womwewo, ndiyatse. Ndinawauza kuti singadzutse makina, ilibe chilichonse. Anati akudziwa, akungofuna kumva. Anatsekanso maso. Makina anakananso, koma iwo anamwetulira.

"Mwamvela? Iyi iyenda shii, shii, shii. Bwezelani yanu ija."

Ndinabwezera, ndinaika khutu langa pamene panali lawo. Zoonadi. Yanga sinkati shii. Munkamveka kung'ung'udza kolemera, kotsamwa, ngati njinga imene tayala lake likukhula foloko. Miyezi yonse ija ndinkayatsa makina amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinali ndisanawamverepo.

Anasamba m'manja ndi sopo wanga wotsala, anapukuta chala chilichonse. Anatenga disikiyo, analowetsa zala ziwiri pa bowo la pakati n'kuyesa kuzungulitsa kambale ka m'kati. Kanakana. Anachita chimodzimodzi ndi yatsopano ija, kanazungulira mosavuta. Kenako anaika yanga pa galasi la tebulo la abwana n'kugwada kuti aione cham'mbali. Sinagone pansi yonse. Ngodya ziwiri zinatukuka, pakati panali ponyamuka.

Anakhala chigwadire kanthawi. Osandiyang'ana, anati, "Ichi chinaona dzuwa."

Ndinawauza zonse, za denga, za lata, za timiyala. Ndinkayembekezera kuti anena kuti safunsa anadya phula, chifukwa ine ndikanakhala iwo ndikananena. Sananene. Anangofunsa kuti anakhala padzuwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anagwedeza mutu ngati ndawauza mtunda wa ku Sinda.

Maganizo awo anali akuti mwina chapindika ndi chikuto chokha, ndipo kambale ka m'kati kangokanikizika. Tikakatulutsa n'kukaveka chikuto cha disiki yatsopano, mwina kangayende. Anandiuza poyera kuti sanachitepo zimenezi, kuti akhoza kuwononga zonse, ndiponso kuti popeza kalata ndi yanga, chilolezo chikhale changa. Ndinati chinthu chawonongeka kale, dulani.

Anatulutsa lezala yatsopano m'chikwama. Anayala pepala loyera. Anadula mkombero wapamwamba wa chikuto pang'onopang'ono, manja aja odzala zipsera za masipanala osanjenjemera n'komwe. Anachita chimodzimodzi ndi yatsopano, anatulutsa kambale kake n'kukaika pambali. Kambale kathu anakagwira m'mphepete mokha, pakati pa zala ziwiri, atasiya kupuma. Anakalowetsa m'chikuto chatsopano, ine ndinamata ndi kaselotepi. Ntchito yonseyi inatenga pafupifupi ola, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchedwa kwawo sikunandiwawe.

Tinayatsa. Mphepo, manambala, kulira kamodzi, nyale. Shii, shii, shii. Kenako mawu achingerezi omwe aja.

Ndinagwa mphwayi, ndinalira pomwepo. Iwo anatulutsa kambaleko n'kukapendeketsa cha ku zenera. Anandionetsa kamzere kozungulira kamene kanakulika. Imeneyi inali disiki yogwiritsa ntchito ija, imene ndinaikakamiza kakhumikhumi masiku atatu. Ndinali nditaipala ndekha.

"Yosungila ija munaiyesa kangati?"

"Kamodzi. Kapena kawili."

"Ndiye ikali na moyo. Pukutani maso, misozi isagwele apa."

Anadulanso. Ulendo uno anachedwa kuposa poyamba, ndipo asanalowetse anauzira m'chikuto ndi kampira kouzira fumbi la taipilaita, osati ndi pakamwa. Anati ndiyatse ndine. Mphepo, manambala, kulira, nyale, shii, shii. Kenako phokoso lina limene ndinali nditaliiwala, kugogoda kofewa kwa makina akuwerenga. Pa sikirini panatuluka mawu ofunsa tsiku la mwezi.

Ndinakuwa, ndinaimirira, ndinafuna kuthamangira panja. Anandigwira mkono. "Musazimitse! Injini yovuta ikagwila suiyesa kawili. Kulibe njila yakuti iyi ibale zinzake?" Inalipo, mzungu anandilembera pa chikuto cha kabuku kaja. Tinakopera madisiki atatu masana omwewo. Iwo analamula kuti imodzi ikhale m'dirowa, ina m'kabati, yachitatu mu ofesi ina kutsidya kwa msewu, chifukwa denga limodzi lisamadonthere zonse. Iliyonse tinaiyesa payokha, ndipo iwo ankamvera iliyonse ndi maso otseka.

Ndagwira ntchito zaka zambiri pambuyo pake, ndaona akatswiri a masatifiketi akubwera ndi zikwama zawo. Ochepa okha ndi amene ankayamba ndi kukhala pansi n'kufunsa kuti chinthu chaimira pati. Bambo amene aja sanaphunzire kupyola sukulu ya ku mishoni, ndipo ndimawasirira mpaka lero.

Lachisanu m'mawa abwana anapeza sikirini ikuwala. Anaima pakhomo, anayang'ana ine, anayang'ana amakanika amene ndinawapempha kuti akhalepo. Anayatsitsa kawiri. Chimwemwe chinaoneka pankhope pawo, koma sichinakhalitse, chifukwa maso awo anagwera pa zikuto zodulidwa zimene zinali mu basiketi. Anatola chimodzi, anachitembenuza.

"Vuto inali chani?"

"Chikuto chinapindika, bwana," anatero amakanika. "Manje tasintha."

"Chinapindika cheka, popanda munthu kuchigwila? Nifunika kulemba lipoti. Chinthu cha boma sichipindika cheka. Ndani anachita?"

Kalata inali pa tebulo lawo, mu envelopu, pamwamba pa zopita ndi thumba. Ndikanatha kunena kuti ndi mvula, ndipo likanakhala theka la choonadi. Koma nditakhala tsiku lathunthu pambali pa munthu woona ngati uja, bodza linandikanira pakhosi. Ndinati ndine, bwana, zinanyowa, ndinaziyanika pa lata.

Abwana anapuma mozama. Anati ndiye kalata yalondola, makina kudzuka sikufafaniza kusasamala, ndipo mawa ndidzaanika chiyani, bokosi lenilenilo? Anatambasula dzanja kuti atenge envelopu.

"Bwana," anatero amakanika, chipewa chili m'manja. "Lata lija ninayala ndine. Ndine ninawauza amai kuti aike pakati, pamene dzuwa ligwila bwino. Ngati mulemba, lembani tonse awili. Dzina langa liyambe, ndine mkulu."

Ndinatsegula pakamwa, koma amakanika anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinatseka. Lolemba loanika madisiki lija iwo kunalibe n'komwe. Anali ku Nyimba ku maliro a mlamu wawo.

Abwana anakhala pansi. Anayang'ana bambo wotsala chaka chimodzi kuti apume, munthu yekhayo wodziwa kudzutsa jenereta, pamene alendo akubwera Lolemba. Sindidziwa ngati anakumbukira za maliro aja, poti chilolezo chopitira anapereka okha. Kenako anatsegula dirowa, anaponyamo envelopu, anati pa lipoti ndilembe kuti denga likufunika kukonzedwa msanga. Thumba la makalata linapita masana popanda dzina langa.

Nthawi ya chakudya ndinawapeza ku shedi akupukuta fyuluta. Sindinadziwe poyambira, ndiye ndinayamba ndi ukali, monga mwa chizolowezi changa.

"Atate, imwe mkulu wa mpingo, mwanama. Penshoni yanu mukanaitaya chifukwa cha ine?"

Anayang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako ine.

"Nanama, amai, ndipo pa Sondo ku chalichi nizakamba na Mwini wake. Koma nakhala niganiza kuyambila dzulo. Nikanakhalapo tsiku lija, imwe mwabwela na vinthu vonyowa m'manja, newo nikanachita chani? Nikanakuyalilani lata. Chinanipulumutsa ni malilo chabe. Ndiye siningaime apo kuona mwana wa munthu apita kumunzi pa mlandu wamene unaniphonya na tsiku limodzi."